Masiku odikira zotsatira: mau kwa mayi amene wapeza chotupa m'bere

Amene muli kumunda ndi wailesi pambali, amene muli pa mtondo, amene mwakhala pakhonde, tiyeni tikhale limodzi kwa kanthawi. Ine ndine mwana wanu, mmodzi wa ma activista a zaumoyo amene timayenda m'midzi muno.

Lero sindikamba za mmene mayi angadziyezere mawere. Zimenezo tinakamba kale. Lero ndikufuna kulankhula ndi inu mayi amene munachita kale zimene tinakupemphani. Munamva kanthu kolimba m'bere, kapena munaona nsonga ya bere yalowa mkati, kapena ikutuluka madzi osakanikira ndi magazi, ndipo simunakhale pansi. Munapita kuchipatala. Anamwino anakupimani, anakulemberani pepala, ena anakutumizani ku Ulónguè, ena mpaka ku Tete. Mwina anakujambulani, mwina anakubayani ndi kasingano. Kenako anati, "Mayi, pitani kunyumba, mudzabwere tsiku lakuti." Tsopano muli kunyumba. Nsima siikulowa. Tulo sitikubwera.

Masiku amenewa ndi amene timataya amayi. Sindikunena kuti amamwalira, ayi. Ndikunena kuti sabwereranso. Mayi walimba mtima, wayenda ulendo wonse, wayezedwa, koma tsiku lokamva zotsatira likafika, mantha amamumanga miyendo. Pepala lake limakhala kuchipatala, iye ali kumudzi. Ndiye zonse zimene ndikambe lero cholinga chake ndi chimodzi: kuti mantha asakulepheretseni kukamva yankho lanu.

Choyamba, kuopa si kupepera, komanso si kuchepa chikhulupiriro. Munthu aliyense atauzidwa kuti mwina ali ndi khansa, imene kuchipatala amati cancro, angaope. Ndipo mantha sakhala m'mutu mokha, amatsikira m'thupi. Mtima umagunda kwambiri, m'mimba mumawotcha, ena amatsegula m'mimba, mutu umawawa, khosi limauma. Mumakalipira mwana pa chinthu chaching'ono. Mumaiwala mchere mu ndiwo. Ndiye pali china chimene ndimachimva kawirikawiri. Mayi amati, "Mwanawe, matenda aja afalikira, msana wayamba kuwawa." Ndikafunsa, ndimapeza kuti dzulo lake analima mizere ya kachewere tsiku lonse. Msana umenewo unkawawanso chaka chatha, koma panalibe amene ankaumvetsera. Munthu wamantha amamva kalikonse m'thupi mwake. Ululu watsopano umene sukusiya mukauze anamwino, koma musadziweruze nokha usiku pamphasa.

Tsopano mvetserani bwino apa. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa. Sindikunena izi pofuna kukunyengererani, ndi mmene madokotala amazipezera. Atsikana ndi amayi achichepere nthawi zambiri amakhala ndi kachotupa kosalala, kothawathawa ukakagwira, kamene madokotala amati fibroadenoma. Si khansa. Ena amakhala ndi kathumba ka madzi, amati quisto. Amayi oyamwitsa amatha kutupa bere chifukwa mkaka watsekeka, kapena chifukwa cha chithupsa chokhala ndi mafinya. Enanso mawere awo amalimba akatsala pang'ono kusamba, kenako n'kufewa. Koma dzanja lokha silingasiyanitse bwino zonsezi ndi khansa, ngakhale dzanja la dokotala. N'chifukwa chake anakutumizani kukayezedwa. Kutumizidwa ku chipatala chachikulu sikutanthauza kuti aona imfa. Kukutanthauza kuti sakufuna kulota.

Ndikudziwa chimene chikubwera m'maganizo mwanu. Mukukumbukira mayi uja wa m'mudzi mwanu, kapena azakhali anu, amene bere lawo linachita bala, anavutika, tinakawaika. Inde, tinawaona. Koma taganizani. Mayi amene anamupeza ndi chotupa chosaopsa, ndani anamumva? Palibe uthenga umene unawerengedwa pa wailesi. Palibe anthu anasonkhana. Anabwerera kwawo mwakachetechete, anakasenza mtsuko wake. Mwina mumatunga naye madzi pa mjigo umodzi ndipo simudziwa. Maliro ndi amene amamveka, n'chifukwa chake mutu wanu wadzaza ndi maliro okhaokha. Komanso ambiri mwa amene tinawaika aja anafika kuchipatala matenda atapita patali, atabisa chaka kapena zaka ziwiri. Inu mwapita kale. Nkhani yawo si nkhani yanu.

Ena amafunsa kuti, "Nanga achedweranji? Kapena akundibisira?" Ife tinazolowera kuyezetsa malungo. Akubaya chala, ukhala pa benchi mphindi 15 kapena 20, wamva. HIV chimodzimodzi, tsiku lomwelo. Koma bere limayenda njira yaitali. Akakujambulani ndi makina aja amene amaonera mwana m'mimba, amati ecografia, amangoona maonekedwe a chotupa, ngati muli madzi kapena ndi mnofu. Kuti adziwe zenizeni, amatenga kachidutswa. Nthawi zina amayamwa pang'ono ndi kasingano kakang'ono, pa pepala amalemba PAAF. Nthawi zina amadula kamnofu, amati biópsia. Kachidutswa kameneko amakakonza ndi mankhwala, amakapaka utoto, kenako dokotala wophunzira ntchito imeneyo amakayang'ana pa microscópio. Madokotala otere m'dziko muno ndi ochepa, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu monga ku Beira, ku Nampula ndi ku Maputo. Ndiye kachidutswa kanu kakhoza kukwera galimoto, kukaima pa mzere pamodzi ndi ta anthu ena, yankho n'kubwereranso njira yomweyo. Kuchedwa si chizindikiro chakuti nkhani ndi yoipa. Kufulumira si chizindikiro chakuti ndi yabwino. Ndi mtunda chabe ndi mzere.

Zimachitikanso kuti kachidutswa kachepa, dokotala sanaone bwino, ndiye amati mubwerenso tikubayeni kachiwiri. Amayi ena akamva zimenezo amati basi, zatsimikizika. Ayi. Akungofuna kuona bwino. Ndipo mphekesera ija yakuti singano ikakhudza chotupa khansa imalusa n'kumwazika thupi lonse, isiyeni. Chimene chimapatsa khansa mpata ndi nthawi imene imakhala osaidziwa.

Komabe kudikira kuli ndi malire. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, limene kuno timati OMS, limalangiza kuti kuyambira tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala ndi chotupa, kuyeza konse kuthe pasanapite masiku 60. Nambala imeneyi isungeni. Ngati tsiku limene anakuuzani lapita ndipo simunamve kanthu, musakhale n'kumati akandifuna adzandiitana. Pitani mukafunse. Kufunsa za thupi lanu si mwano. Ngati simukudziwa poyambira, pitani ku chipinda cha kulera, planeamento familiar, pa chipatala chanu chapafupi. Kuyambira chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, MISAU, unaika kuyeza mawere ndi khomo la chiberekero kumeneko, ndiye anamwino a m'chipinda chimenecho amadziwa njira imene mapepala amenewa amayenda.

Nanga masana ndi usiku wa masiku amenewa muziutha bwanji? Ine malangizo akuti "musaganize" sindiwakonda. Ndani anasiya kuganiza chifukwa chouzidwa? Ukauza munthu kuti asaganize, ndiye wamukumbutsa. Chimene chimathandiza ndi kuipatsa nkhawa nthawi yake. Nkhawa ili ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mukamutsekera chitseko amagogoda usiku wonse. Ndiye muyalireni mphasa masana. Sankhani nthawi, tinene mutatha kudya nsima ya masana, khalani pansi pa mtengo, ganizani zonse zimene zikukuopsani, lirani ngati misozi yabwera. Mafunso amene abwera, lembani pa pepala, kapena uzani munthu wodziwa kulemba akulembereni, kuti mudzafunse adokotala. Ikatha nthawiyo, dzukani, gwirani tsache. Maganizo akabweranso madzulo, auzeni kuti, "Ndakumvani, tikumana mawa masana." Tsiku loyamba sizigwira bwino. Pitirizani, mutu umaphunzira.

Usiku ndiye povuta, chifukwa manja alibe ntchito ndipo aliyense wagona. Mtima ukayamba kuthamanga, chitani izi. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga 1 mpaka 4, mimba ikwere. Kenako tulutsani ndi pakamwa monga mukuuzira phala la mwana, kuwerenga mpaka 6. Bwerezani kakhumi. Kutulutsa mpweya mochedwa ndi kumene kumauza mtima kuti uchepetse liwiro. Tiyeni tiyese limodzi pompano, ngakhale abambo amene mukumvetsera, palibe amene akukuonani. Kokani. Tulutsani pang'onopang'ono. Mwaona mapewa atsika?

Ngati tulo takanabe, musalimbane nato. Dzukani, khalani tsonga, sankhani nyemba, tongolani chimanga, pempherani ngati ndinu wopemphera, imbani chamumtima nyimbo imene mumaikonda. Kenako bwererani pamphasa. Masana musadzitsekere m'nyumba. Pitani kumunda monga mwa masiku onse, pitani kumsika, pitani ku kwaya kapena ku gulu lanu la amayi. Thupi lotopa ndi ntchito limagona kusiyana ndi thupi lotopa ndi maganizo. Idyani ngakhale pakamwa sipakufuna, phala pang'ono, nthochi, chilichonse. Kachasu ndi mowa sizichotsa nkhawa, zimangoisunga kuti ibwere m'mawa ili ndi mnzake, komanso mowa umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Amene mumamwa ma ARV, a BP kapena a shuga, musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Amene mukuyamwitsa pitirizani, pokhapokha adokotala atakuuzani zina. Khansa sipita kwa mwana kudzera mu mkaka.

Chinanso, chisiyeni chotupacho. Ndikudziwa dzanja limapita lokha, m'mawa, masana, usiku, kufuna kumva ngati chakula. Mukachifinyafinya bere limawawa, limatupa, ndiye inu mumati chakula. Mwadziwonjezera mantha ndi dzanja lanu lomwe. Ndipo achinyamata anzanga amene muli ndi mafoni aakulu, chonde musamaonetse amayi zithunzi zoopsa za pa Facebook ndi WhatsApp. Zithunzi zimene zimayenda kumeneko ndi za matenda amene anafika kumapeto. Sizikuuzani chilichonse za chotupa cha amayi anu.

Ndilankhule mwaulemu za nkhani ya kwa asing'anga, chifukwa ndikudziwa kuti m'masiku odikira amenewa ndi mmene abale amabwera ndi nzeru. Wina ati mwalodzedwa ndi mkazi mnzanu, wina ati tikatemere mphini, wina ati tipake mankhwala otentha kuti chiphulike. Munthu wamantha amagwira chilichonse chimene wapatsidwa, sindikuweruzani. Koma ndikukupemphani, bere limenelo lisatemedwe, lisapakidwe zowotcha. Bala likalowa dothi, adokotala amayamba alimbana ndi bala m'malo molimbana ndi chotupa, masabata n'kumapita. Ndalama imene mukanakwerera chapa yathera pa nkhuku ndi mbuzi. Ndipo udani umene umayamba chifukwa choloza munthu chala sutha ngakhale yankho litabwera lakuti chinali chotupa chosaopsa. Khansa si ufiti, si chilango, sipatsirana pogona limodzi kapena kudyera mbale imodzi. Amene mumapita kokapemphereredwa, pitani, pemphero limalimbitsa mtima. Koma wina akakuuzani kuti mwachira, musapitenso kuchipatala, muyankheni kuti, "Zikomo, ndikatenge pepala likachitire umboni."

Funso lina lolemera ndi lakuti ndiuze ndani. Kuuza mudzi wonse n'kolakwika, chifukwa mawa mudzamva kuti mwatsala masiku atatu, anthu ayamba kubwera kudzakuonani ndi nkhope za pamaliro. Kusauza aliyense nakonso kumadwalitsa. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri. Osati amene mumamukonda kwambiri, koma amene amadziwa kusunga pakamwa ndipo salira msanga kuposa inu. Akhoza kukhala mchemwali wanu, mnzanu wa ku mpingo, anamwino, kapena ife ma activista. Muuzeni zoona zake: "Andipeza ndi chotupa, akuyeza, yankho silinabwere." Musawonjezere, musachotsere. Ana amaona kuti amayi sakuseka, ndipo akapanda kuuzidwa amaganiza kuti alakwa ndi iwo. Ang'onoang'ono akwanira kumva kuti, "Amayi akupita kuchipatala kukayezedwa, simunalakwe kanthu."

Pa ntchito yangayi ndinakumana ndi mayi wina amene ali kudikira anayamba kugawa nsalu zake, anauza mchimwene wake amene adzatenge ana, mbewu ya chaka chimenecho sanabzale. Tsiku lokamva zotsatira anakana kupita, amati ndikamve chiyani chimene sindikuchidziwa. Tinamunyengerera, mchemwali wake anamuperekeza. Chinali chotupa chosaopsa. Anasangalala, inde, koma mvula inali itapita, ndipo chaka chimenecho banja lija linagula chimanga. Ndiye ndikuti, zinthu zikuluzikulu zidikire yankho. Musagulitse munda, musagawe katundu, musatulutse mwana sukulu. Bzalani.

Abambo, tsopano ndi inu. Akazi anu ambiri sakuopa imfa yokha. Akuopa kuti akadzachotsedwa bere mudzawasiya, mukatenga wina. Ena amabisa chotupa chifukwa cha mantha amenewa, osati chifukwa cha umbuli. Simukufunika kudziwa mau a chidokotala. Mau akuti "tipita limodzi" ndi okwanira. Musamati "ukungodandaula zachabe," komanso musamakhale chete ngati simunamve. Tengani khasu lawo tsiku limene afooka. Funsani tsiku lobwerera kuchipatala, mulisunge inuyo. Ndipo apongozi, mawu akuti mwana wathu akwatire wina wamphumphu asatuluke pakamwa panu, mkamwana wanu amawamva ngakhale munene kuseri kwa nkhokwe.

Pali ntchito ina imene imachepetsa nkhawa chifukwa ili m'manja mwanu, ndiyo kukonzekera ulendo. Ndalama ya chapa yopita ndi kubwera, ya anthu awiri, yambani kuisunga lero. Ikani pa M-Pesa kapena e-Mola ngati m'nyumba imatha msanga, kapena pemphani gulu lanu losunga ndalama likuganizireni. Mapepala onse, khadi la kuchipatala ndi kalata yokutumizani ija amati guia, ikani m'pulasitiki, pamalo pamene mvula, mbewa ndi ana sizifika. Ngati munasiya nambala ya foni kuchipatala, foniyo ikhale ndi moto, ndipo ndi bwino kusiyanso nambala yachiwiri ya munthu amene mumamukhulupirira. Konzani amene adzatsale ndi ana ndi ziweto. Tsiku lobwerera lilembeni pakhoma ndi khala ngati kalendala mulibe.

Koma pali zinthu zimene siziyenera kudikira tsiku limenelo. Bere likafiira n'kutentha, thupi likatentha, pamene anabaya pakatuluka mafinya kapena magazi osasiya, chotupa chikakula mofulumira moti mukuchita kuona ndi maso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ndi maganizo. Ngati papita masabata awiri simukugona, simukudya, simukutha kusamala ana, kapena maganizo akukuuzani kuti bola kungofa, bola kumwa mankhwala a mbewu, amenewo tsopano ndi matenda paokha ndipo ali ndi chithandizo. Uzani munthu lero lomwe. M'zipatala za m'maboma muli ogwira ntchito yothandiza maganizo, amati técnico de psiquiatria. Kupita kwa iwo si misala. Ndipo inu amene mwauzidwa mau otere ndi m'bale wanu, musamuseke, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu m'nyumbamo, mumuperekeze kuchipatala.

Tsiku lokamva likafika, musapite nokha. Munthu akamva mau olemera makutu amatseka, zimene adokotala anena pambuyo pake sazimva. Mnzanuyo ndiye makutu anu achiwiri. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, nenani kuti akufotokozereni m'chinenero chathu, kapena apeze womasulira. Pa pepala pakhoza kulembedwa benigno, kutanthauza kuti si khansa. Mukamva zimenezo funsanibe ngati chotupacho chichotsedwe kapena chisiyidwe, ndi tsiku loti mudzaonedwenso. Pakhoza kulembedwa maligno, kutanthauza kuti ndi khansa. Mau amenewo ndi owawa, sindinama. Koma chithandizo m'dziko muno chilipo. Pali opaleshoni, pali mankhwala a m'mitsempha amene amati quimioterapia, pali mapiritsi amene ena amamwa kwa zaka zingapo, ndipo kuyambira 2019 ku Hospital Central de Maputo kuli makina owotcha khansa, amati radioterapia. Khansa ya m'mawere ikapezeka msanga, mwayi wochira umakhala waukulu. Musatuluke m'chipindamo musanafunse mafunso atatu awa: tsopano chotsatira n'chiyani, ndipite kuti, tsiku liti. Mnzanu uja alembe mayankho.

Amene muli ndi pepala kunyumba limene tsiku lake linapita kale, mwezi watha kapena chaka chatha, ndipo mukuchita manyazi kubwerera poopa kukalipiridwa, tipezeni ife ma activista kapena APE wa m'dera lanu, tidzakuperekezani. Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za mmene banja lingasamalire mayi amene wabwera kuchokera ku opaleshoni ya bere.